Chigoba Chopanda Mwini

PHUNZIRO 9

SABATA MASANA

WERENGANI PA PHUNZIRO LA MLUNGU UNO: Genesis 2:7, 19, 20, Yobu 12:7-10, Mlaliki 9:5, 6, 10, 1 Samueli 28:3-20, Ezekieli 37:1-14, Aroma 8:19-23, Chivumbulutso 20:4-6, 13.

VESI LOLOWEZA: Yohane 5:28, 29.

GANIZO LALIKULU: Zotsala za zolengedwa zakufa zimatiuza zoona za imfa: mwini sanasamuke, wafa. Koma Mulungu amadziwa dzina la wakufa aliyense, ndipo adzamuitana.

Munthu woyenda m'mbali mwa nyanja m'mamawa, mafunde atagona, amapeza kuti madzi alavula zinthu zambiri pa mchenga. Pamakhala zigoba za nkhono, minga ya nsomba, nthenga, ndipo nthawi zina chigaza cha mbuzi, cha mbalame kapena cha ng'ona, chimene dzuwa lachiyeretsa mbuu. Pali anthu m'maiko ambiri amene amatola zinthu zotere, nazitsuka, nalemba tsiku ndi malo amene anazipeza, kenaka nafufuza dzina la cholengedwa chimene chinazisiya. Ana athu a Pathfinder nawonso ali ndi phunziro la zigoba pakati pa maphunziro awo a chilengedwe.

Zotola zonsezi zimafanana pa chinthu chimodzi: mwini wake palibe. Mwana akanyamula chigoba chopanda kanthu amafunsa kuti nkhono yapita kuti. Funso lomwelo limatizinga ife akulu pamene taima pamanda a mbale wathu. Yankho limene tilikhulupirira ndilo limalamula m'mene timalirira, kumene timathamangira tikadwala, ndi mau amene timawamvera usiku. Mlungu uno tiyenda pa gombe Baibulo lili m'manja.

TSIKU LOYAMBA

KUTCHA MAINA (Genesis 2:19, 20, 1 Mafumu 4:29-33).

Kodi ndi ntchito yanji imene Mulungu anapatsa Adamu asanalenge Hava? Nanga nzeru ya Solomo inafika pa zinthu ziti za chilengedwe?

Kutcha dzina kumafuna kupenyetsetsa. Munthu sangasiyanitse cholengedwa china ndi chinzake ngati sanawerame ndi kuchiyang'ana bwino. Chotero ntchito ya wotola zigoba si masewera a ana okha. Ndi chidutswa cha ntchito ya m'munda wa Edene. M'chaka cha 1758 Carl Linnaeus wa ku Sweden anakhazikitsa njira yopatsa nyama iliyonse maina awiri a Chilatini, ndipo njira imeneyo ndiyo ikutsatidwa kufikira lero.

Wofuna kudziwa chigoba amayamba ndi mafunso apafupi. Kodi ndi chimodzi chopindika, kapena ndi ziwiri zotsekerana ngati chitseko cha mahinjesi? Kodi ndi chosalala, chamizere, kapena chaminga? Kenaka amachigwira nsonga italoza kumwamba, khomo lake litayang'ana kwa iye. Pa mitundu khumi iliyonse ya nkhono, pafupifupi isanu ndi inayi khomo lake limakhala ku dzanja lamanja. Koma nkhono zazing'ono zotchedwa *Bulinus*, zimene zimapezeka m'Nyanja ya Malawi ndi m'madambo athu, khomo lake lili ku dzanja lamanzere, ndipo zina mwa izo ndizo zimasunga tizilombo ta likodzo. Apa tikuona kuti kudziwa dzina la kanthu kakang'ono kungathe kuteteza moyo wa mudzi wonse.

Nkhono imadzimangira chigoba chake ndi kachikopa kofewa kamene kamakuta thupi lake. Kachikopako kamatulutsa mwala wa laimu pang'onopang'ono, nkumauonjezera m'mphepete mwa khomo. Nsonga ya chigoba ndiyo nyumba ya ukhanda wake, ndipo mizere yotsatizana ndiyo mbiri ya kukula kwake. Nkhono ilibe chingwe choyezera, sinalowe sukulu ya zomangamanga, komabe mtundu uliwonse umamanga monga mwa mtundu wake, mbadwo ndi mbadwo.

Werengani Yobu 12:7-10 ndi Aroma 1:20. Kodi zolengedwa zimachitira umboni wotani za Mwini wake?

Ndi liti pamene tinaima komaliza ndi kupenyetsetsa ntchito imodzi ya manja a Mulungu kufikira itatifikitsa pa kupembedza? Kodi maola a Sabata masana timawagwiritsa ntchito motani?

TSIKU LACHIWIRI

ZOLEMBA ZIWIRI PA TSAMBA LIMODZI (Genesis 1:29-31, Aroma 8:19-23).

Chigaza cha nyama chimawerengedwa ngati kalata. Georges Cuvier wa ku France, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1769 kufikira 1832, anatchuka chifukwa cha kuonetsa kuti ziwalo za nyama zimagwirizana, kotero kuti dzino kapena fupa limodzi lingathe kuulula zambiri za nyama yonse. Wotola za pa gombe amatsata njira yomweyo.

Poyamba amayang'ana mano. Mbuzi ndi ng'ombe zilibe mano akutsogolo m'chibwano cha m'mwamba, ndipo pakati pa mano akutsogolo ndi otafunira pali mpata waukulu. Galu ndi katumbu ali ndi mano aatali osongoka, ndiponso akumbuyo odula nyama. Kamba wa m'nyanja yamchere alibe dzino ndi limodzi lomwe. Ali ndi mlomo wolimba wokha. Kenaka amayang'ana mabowo a maso. Nyama zosaka, maso ake amakonda kuyang'ana kutsogolo; nyama zosakidwa, maso ake ali m'mbali kuti ziwone mdani patali. Mvuu ndi ng'ona maso ndi mphuno zili pamwamba pa mutu, kuti zizipenya ndi kupuma thupi lonse lili m'madzi. Ngakhale msinkhu umadziwika: mano a nyama yokalamba amakhala operepeseka, ndipo misoko ya mafupa a mutu wake imakhala itagwirana.

Pafunikanso kudzichepetsa. Ambiri atola fupa la m'chiuno la mbalame, naona mabowo ake awiri, nayesa kuti apeza chigaza cha chilombo chachilendo. Wofulumira kutcha dzina amanyengeka.

Kodi chakudya cha nyama chinali chiyani pachiyambi? Nanga nchiyani chinadzetsa kubuula m'chilengedwe? Genesis 1:30, 3:17-19, Aroma 5:12.

Pa magombe a nyanja yamchere pamapezeka zigoba zokhala ndi kabowo kozungulira bwino, ngati kobooledwa ndi mmisiri. Kabowoko ndi ntchito ya nkhono ina yolusa, imene imakwera pa inzake, nkuboola chigoba chake ndi lilime lokhakhala pamodzi ndi madzi ofewetsa mwala, nkudya mwini nyumba ali m'kati. Chotero pa chigoba chimodzi timawerengapo zolemba ziwiri: kukongola kumene kumanena za Mlengi, ndi bala limene limanena za tchimo. Wowerenga chilengedwe popanda Baibulo amasokoneza zolemba ziwirizi, namuyesa Mulungu mwini wa imfa. Malembo amatcha imfa mdani (1 Akorinto 15:26), ndipo amatilonjeza dziko limene mkango udzadya udzu (Yesaya 11:6-9).

Pamene tiona zowawa m'chilengedwe kapena m'nyumba zathu, kodi timasiyanitsa bwanji dzanja la Mulungu ndi dzanja la mdani? Onani Mateyu 13:24-28.

TSIKU LACHITATU

NKHONO SISAMUKA (Genesis 2:7, Mlaliki 9:5, 6, 10).

Pa maliro ambiri timamva olalikira akunena kuti chimene chagona m'bokosi ndi chigoba chabe, ndi kuti mwini wake wachisiya napita kukakhala kwina, kumene akutiona ndi kutimva. Mauwa amanenedwa ndi mtima wofuna kutonthoza, ndipo sitiyenera kunyoza owanena. Koma fanizolo likaunikidwa bwino limatsutsa chiphunzitso chimene likufuna kuchirikiza.

Nkhono sivula chigoba chake monga munthu avula malaya. Chigoba ndi chiwalo cha thupi lake. Inabadwa nacho, inakula nacho, ndipo ndi yolumikizidwa nacho ndi mnofu wolimba wogwira m'kati mwake. Siingachisiye nkukafuna china chachikulu. Tikapeza chigoba cha nkhono chili gwaa pa mchenga, sitinena kuti mwini wake wapita ku nyumba yabwino. Timadziwa kuti wafa.

Kodi Mulungu anaphatikiza zinthu ziti kuti munthu akhale wamoyo? Nanga nchiyani chimachitika pamene zinthuzo zilekana? Genesis 2:7, Salmo 104:29, 146:4, Mlaliki 12:7.

Buku la Genesis silinena kuti Mulungu anaumba nyumba ya dothi nalowetsamo munthu amene analipo kale. Fumbi ndi mpweya wa moyo zitakumana, pamenepo munthu anakhalapo. Mpweya ukabwerera kwa Mwini wake, fumbi libwerera kunthaka, ndipo maganizo, chikondi, nsanje ndi ntchito zonse zimaima. Yesu mwini anatcha imfa ya Lazaro tulo (Yohane 11:11-14), ndipo pamene anamuukitsa atagona masiku anayi m'manda, anamuitana kuchokera m'mandamo. Lazaro sanafotokoze za ulendo uliwonse, pakuti sanayende.

Ena amatchula 2 Akorinto 5:1-4, pamene Paulo afanizira thupi ndi msasa. Werengani ndime 4 mosamala. Kodi Paulo analakalaka kukhala wopanda thupi, kapena kuvekedwa thupi losafa? Nanga kuvekedwako kudzachitika liti? 1 Akorinto 15:51-54.

Chiphunzitso ichi poyamba chimamveka chouma, koma m'kati mwake muli chifundo. Mayi amene anatisiya sakuona ana ake akulandidwa katundu, sakumva njala yawo, sakuvutika ndi zolakwa zawo. Akupumula. Kwa iye, mphindi ya kutseka maso ndi mphindi ya kuona Yesu akudza m'mitambo zidzakhala ngati zagundana.

Kodi tinganene mau otani pa siwa, amene ali oona ndiponso otonthoza?

TSIKU LACHINAYI

MLENDO M'NYUMBA YA WAKUFA (1 Samueli 28:3-20, Yesaya 8:19, 20).

Amene anafikako ku magombe a nyanja yamchere ya Indian, monga ku Beira, ku Nacala kapena ku Pemba m'dziko la Mozambique, amasimba chinthu chodabwitsa: chigoba cha nkhono yakufa chikuthamanga pa mchenga. Wosadziwa anganene kuti nkhono yauka. Koma akachinyamula ndi kusuzumira pa khomo pake, amaona timiyendo tokhala ndi mfundo, ndi chala chopanira chitatseka khomolo. Ndi nkhanu ya mtundu wina, imene mimba yake ndi yofewa, ndipo imabisala m'zigoba za nkhono zakufa. Ikakula imataya chigobacho nkulowa m'china. Kunja maonekedwe ndi a nkhono. M'kati muli cholengedwa china.

Pano pali yankho kwa iwo amene amati: Ngati akufa sadziwa kanthu, nanga ndani amalankhula ndi mau a agogo athu mwa wobwebweta? Ndani amadza kutulo ndi nkhope ya atate athu kudzapempha nsembe? Malembo sanena kuti zonsezi ndi zopeka. Chigoba chingathe kuyendadi. Funso ndi lakuti, muli yani m'katimo?

Pamene Yehova anakana kumyankha Sauli mwa njira zake zoikika, kodi nzomveka kuti akanamyankha mwa njira imene Iye mwini anailetsa? 1 Samueli 28:6, Deuteronomo 18:10-12, 1 Mbiri 10:13, 14.

Kodi Satana ndi angelo ake ali ndi mphamvu yotani ya kudzisanduliza? 2 Akorinto 11:14. Chivumbulutso 16:13, 14.

Kwa makolo athu okhala kutali ndi nyanja yamchere, zigoba zochokera kumeneko zinali za mtengo wapatali. Mpande, imene imadulidwa ku tsinde la chigoba cha nkhono ya m'nyanja, inali chizindikiro cha ufumu. M'chaka cha 1854 mfumu Shinte ya Alunda, kumtunda kwa mtsinje wa Zambezi, inapatsa David Livingstone mpande, ndipo Livingstone anauzidwa kuti ziwiri zotere zikanagula kapolo. Kufikira lero zigoba ndi timafupa ta nyama zimapezeka m'thumba la woombeza ula. Chinthu chimene Mulungu anachipanga kuti chiloze kwa Iye chasandutsidwa pakamwa pa mizimu. Chigoba pachokha chilibe mphamvu. Ndi mwala wa laimu, ndipo mwana wa Mulungu angathe kuchitola popanda mantha. Choopsa ndi kupita kukachifunsa.

Wodziwa za gombe amazindikira nkhanu ija asanainyamule, pakuti mapazi ake pa mchenga ndi osiyana ndi mkukuluzi wa nkhono. Mapazi a mizimu yonyenga nawonso amadziwika: imadanitsa abale poloza mfiti, imaopseza, imafuna nsembe, ndipo siitsogolera munthu ku chilamulo ndi ku umboni.

Mwana akadwala nthawi yaitali, abale nkumatikakamiza kuti tikaombeze, kodi mpingo ungaime bwanji ndi banja lotere kuti lisagwe?

TSIKU LACHISANU

WODZIWA MAINA ONSE (Ezekieli 37:1-14, Chivumbulutso 20:4-6, 13).

Luso la munthu lili ndi malire. Katswiri angathe kunena kuti chigaza ichi ndi cha mbuzi yokalamba, koma sanganene kuti inali ya yani, kapena inkagona m'khola liti. Ndipo mafunde akapitiriza ntchito yake, chigoba chimasweka, fupa limafumbutuka, kufikira zonse zasanduka mchenga umene palibe angautche dzina.

Pali mabanja pakati pathu amene alibe ngakhale manda oti alozepo. M'chaka cha 1946 sitima ya Vipya inamira m'Nyanja ya Malawi, ndipo anthu 145 anataya miyoyo yawo. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola midzi m'chigawo cha kummwera, ndipo matupi a anthu ambiri sanapezeke. Chaka ndi chaka asodzi amalowa pa nyanja, bwato nkubwerera lokha. Wamasiye wotere amafunsa mumtima: kodi Mulungu adzampeza kuti?

Kodi mafupa amene Ezekieli anaona anali otani? Nanga mneneri anayankha bwanji funso la Yehova? Ezekieli 37:2, 3.

Masomphenyawa ananenedwa poyamba za kubwezeretsedwa kwa Israyeli wa mu ukapolo (ndime 11), koma mphamvu imene akuionetsa ndi yomweyo imene idzatsegula manda. M'chigwa chija fupa lililonse linapeza linzake, ndipo panalibe kusokonezeka. Iye amene amawerenga nyenyezi ndi kuzitcha maina (Salmo 147:4), amene anawerenga tsitsi la pamutu pathu (Mateyu 10:30), safuna chigaza chathunthu kuti azindikire mwana wake. Munthu asungika m'chikumbumtima cha Mulungu, kumene madzi safikako.

Chitsimikizo cha zimenezi chinaperekedwa pa malo otchedwa Gologota, dzina lotanthauza bade, ndilo chigaza (Yohane 19:17). Pamalo a dzina la imfa, Mlengi wa nkhono ndi mvuu analawa imfa m'malo mwathu, kuti amasule iwo amene anali akapolo a kuopa imfa (Ahebri 2:14, 15). Ndipo manda ake sanapezeke monga chigoba cha pa gombe. Chigoba chimakhala chopanda kanthu chifukwa mwini wafa. Manda a Yesu anali opanda kanthu chifukwa Mwini ali moyo, ndi thupi limene ophunzira analikhudza (Luka 24:39).

Malembo amanena za kuuka kuwiri, kolekana ndi zaka 1,000. Ndani adzauka pa kuuka koyamba, nanga ndani pa kwachiwiri? Yohane 5:28, 29. 1 Atesalonika 4:16. Chivumbulutso 20:5, 6, 13.

Nyanja ndi manda zidzabweza onse. Kodi chimene tasankha lero chikutiika pa kuuka kuti?

TSIKU LACHISANU NDI CHIMODZI, LOKONZEKERA

KUONJEZERA PA PHUNZIRO: Werengani Yobu 14:10-15 ndi 19:25-27, ndipo onani kumene Yobu anaika chiyembekezo chake. Werenganinso 1 Atesalonika 4:13-18, ndi kuzindikira kuti Paulo anatonthoza olira ndi kudza kwa Ambuye.

Makolo ndi aphunzitsi amene adzatenga ana kupita ku gombe akumbukire kuti ndife adindo a chilengedwe. Titole zigoba zopanda kanthu zokha, ndipo pang'ono, pakuti zolengedwa zina zimazifuna. Ku nyanja yamchere tisagwire nkhono yamoyo ya chigoba chosongoka ngati chikonyo cha chimanga, pakuti mitundu ina ya nkhono zimenezi imabaya ndi ululu umene wapha anthu. Fupa limene likadali ndi mnofu tisalitole ndi manja (yerekezani ndi Levitiko 11:39, 40). M'malo otetezedwa, monga Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, tipenye ndi maso okha. Zigaza ndi zigoba za nyama zotetezedwa, monga akamba a m'nyanja yamchere, malamulo a pakati pa maiko amaletsa kuchita nazo malonda. Ndipo tikapeza mafupa amene akuoneka ngati a munthu, tisawasunthe. Tidziwitse amfumu ndi apolisi, pakuti pali banja limene likudikira.

MAFUNSO OKAMBIRANA:

1. Kodi ndi mau ati amene timawanena kapena kuwalemba pa maliro, amene mosadziwa amaphunzitsa kuti akufa ali moyo kwina? Tingawakonze bwanji popanda kupweteka olira?

2. Mlongo wina mumpingo amalota mwamuna wake amene anamwalira, ndipo malotowo amamtonthoza. Kodi loto lililonse la wakufa ndi ntchito ya mizimu yoipa? Nanga malire ali pati pakati pa kukumbukira wokondedwa ndi kumvera malangizo ochokera kwa iye?

3. Tingagwiritse ntchito bwanji chigoba chimodzi cha nkhono pophunzitsa mwana wa zaka 8 za chilengedwe, za imfa ndi za kuuka?

4. Kodi m'dera lathu muli mabanja amene sanaike m'manda okondedwa awo? Kalasi lathu lingawachitire chiyani mwezi uno?

MWACHIDULE: Chigoba ndi chigaza zimaonetsa nzeru ya Mlengi ndi bala la tchimo. Nkhono sisamuka m'chigoba chake, ndipo munthu sakhala moyo kunja kwa thupi lake, akufa akugona. Chimene chimalankhula m'dzina lawo ndi mlendo wonyenga, ndipo sitiyenera kuchifunsa. Chiyembekezo chathu chili mwa Yesu amene anafa pa Gologota nauka, amene adzaitana ake onse ndi maina awo, a m'manda ndi a m'nyanja omwe.